Kukuza Chipinda Popanda Kugumula Khoma

Sabata ino tikambirane za kuchepa kwa nyumba zathu, pakuti dandaulo limeneli limamveka paliponse pamene amayi akumana, kaya ndi pachitsime, kuchigayo kapena kusikelo ya ana. Wina amati m'nyumba mwake mulibe popondapo phazi. Wina amati apongozi akabwera amasowa powakhazika. Alipo enanso amene analeka kuitanira anzawo kunyumba chifukwa cha manyazi, kotero kuti akangoona mlendo akutulukira poteropo amathamanga kukayala mkeka panja kuti asalowe m'kati.

Vutoli n'loona. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti banja la m'Malawi muno limakhala ndi anthu anayi kapena asanu, ndipo tonse tikudziwa kuti ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale, ku Mchesi ndi ku Chibavi mabanja ochuluka amakhala m'nyumba za lendi za zipinda ziwiri, ena chimodzi chokha. Kumudzi nakonso nyumba ya zipinda ziwiri imasunga anthu, chimanga, njinga ndi makasu. Khoma simungalisunthe, makamaka ngati nyumbayo ili ya eni ake. Komabe kukula kwa chipinda kuli pawiri. Kulipo kumene mmisiri amayeza ndi tepi, ndiponso kulipo kumene munthu amayeza ndi diso ataima pakhomo. Kwachiwiriku kuli m'manja mwanu, mayi. Diso likalowa m'chipinda limafuna kuona pansi, limafuna kuwala, ndiponso limafuna poti lipumule. Likapeza zitatuzi limauza mtima kuti muno ndi motakasuka, ngakhale chipindacho chili chaching'ono. Chokondweretsa n'chakuti zambiri mwa zimenezi zimapezeka pochotsa katundu, ndipo ndalama zimalowapo zochepa.

Tiyambe ndi masamu

Tengani chipinda chogona cha mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Bedi la anthu awiri limakhala pafupifupi mamita 1.9 m'litali ndi 1.4 m'lifupi. Ndiye kuti bedilo palokha latenga kale malo oposa gawo limodzi mwa magawo anayi a chipinda chonse. Chitseko nacho chimafuna malo ake potseguka. Mukaonjezapo kabati ya zovala, masutikesi awiri, dengu la zochapa ndi njinga ya abambo, chotsala ndi kanjira koti munthu adutse chammbali ngati nkhanu.

Pabalaza ndiye pamene ambiri timadzimanga tokha. Mipando itatu ya sofa ija, waukulu umodzi ndi ing'onoing'ono iwiri, pamodzi ndi tebulo lake lapakati, imadya gawo limodzi mwa magawo atatu a pabalaza pa mamita 3 ndi 4. Mipando yotere inapangidwira nyumba za kumayadi. Mayi amene akatenga ndalama kubanki m'khonde kapena kwa akatapila kuti agule mipandoyi, poona kuti mnzake wa nyumba yoyandikana ali nayo, amadzigulira mavuto awiri tsiku limodzi, ngongole ndi kuthinana. Mwezi ndi mwezi adzakhala akubweza ndalama za chinthu chimene chikumugunda mawondo m'nyumba mwake momwe.

Chotero musanagule mpando, bedi kapena kabati, yezani chinthucho ndi chingwe, mubwere nacho chingwecho kunyumba, mulembe pansi ndi khala malo amene chidzatenga. Kenaka yendani mozungulira mzerewo mutanyamula beseni kapena mwana. Munthu amafuna njira yosachepera masentimita 60, kapena kuti mapazi awiri, kuti adutse bwino. Ngati njirayo palibe, chisiyeni chinthucho m'sitolo momwemo, kaya chikongole chotani.

Posankha mipando, sankhani ya miyendo yooneka, yoti diso lidutse kunsi kwake n'kukaona khoma. Mipando yoluka imene amisiri athu amagulitsa m'mbali mwa misewu ili ndi ubwino umenewu, ndiponso ndi yopepuka, kotero kuti mwana angathe kuitulutsa pakhonde. Mpando wandalema umapindika n'kutsamira kukhoma. Benchi lokhala ndi bokosi kunsi kwake limakhazika alendo atatu pamene m'kati mwake muli mabulangete. Kalipentala wa m'dera lanu angathenso kukukhomerani kukhoma thabwa lalikulu lopindika, loti mudyerepo ndiponso ana alemberepo madzulo, ndipo ntchito ikatha muligwetse litsamire khomalo.

Tulutsani zonse panja

Sankhani Loweruka la dzuwa, mutulutse katundu yense wa m'chipinda chimodzi, mumuike pabwalo. Mudzadabwa kuona zimene zinabisala kuseri kwa kabati ndi kunsi kwa bedi. Gawani milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zinthu zimene mumagwira sabata ili yonse. Wachiwiri ndi wa zinthu za nyengo, monga majuzi ndi mabulangete a mwezi wa Juni, mapoto aakulu ophikira pa ukwati, ndi mbale za alendo. Wachitatu ndi wa zimene zatha mvula ziwiri osakhudzidwa: wailesi yakufa, poto wobooka, nsapato ya phazi limodzi, zitini zopanda kanthu, ndi zovala zimene zinawathina ana kalekale. Mulu woyamba ubwerere pafupi ndi dzanja. Wachiwiri ukwere pamwamba kapena ulowe kunsi kwa bedi. Wachitatu usalowenso. Zabwino zimene zili pamenepo perekani kwa abale, pakuti akuluakulu anati kupatsa n'kuika; zina gulitsani, zotsalazo tayani.

Pano pafunika nzeru za m'banja. Katundu wa abambo a kunyumba musamutaye iwo kulibe, ngakhale kwa inu akuoneka ngati zinyalala. Zitsulo za njinga ndi mapepala akale zingathe kuutsa mlandu wofika kwa ankhoswe. Apempheni mwaulemu kuti asankhe okha, ndipo muwapatse bokosi limodzi lawolawo loti zotsalazo zikwanemo. Mphatso ya apongozi nayonso musaibise. Ipatseni malo amodzi ooneka bwino, ndipo muchotse zina zimene zinaizungulira. Idzaoneka yaulemu kuposa kale.

Nzeru ya mphasa

Makolo athu ankakhala m'nyumba zazing'ono kuposa zathuzi, koma mlendo akalowa masana ankapeza pansi pozira bwino, popanda chopunthwitsa. Chinsinsi chinali chakuti chinthu chikatha ntchito yake chinkachoka pansi. Mphasa inkapindidwa m'mawa n'kuimikidwa kukhoma, lichero ndi mthiko zinkasomekedwa kudenga, mbewu inkakhala pansanja, chimanga chili m'nkhokwe panja. Chipinda chimodzi chomwecho chinali chogona usiku ndi chochezeramo masana.

Nzeru imeneyi ilikonso kutali. Ku Japan, kumene nyumba za m'mizinda ngati Tokyo zimadziwika ndi kuchepa, kukula kwa chipinda amakuwerenga ndi mphasa zawo zotchedwa tatami, ndipo chipinda cha mphasa 6 chimangoposa pang'ono chathu chija cha mamita 3 ndi 3. M'nyumba zosunga mwambo wakale amagona pa matiresi opyapyala oyala pansi, ndipo kukacha amawapinda n'kuwaika m'kabati ya m'khoma. Ku America nako, gulu lachipembedzo lotchedwa Shakers m'zaka za m'ma 1800 linkakhomera thabwa la zikhomo mozungulira makoma a zipinda zawo, n'kumapachikapo zovala, zipewa, matsache, ngakhale mipando imene, kuti pansi pasesedwe mosavuta.

Nafenso tichite chimodzimodzi. Matiresi a ana apindidwe m'mawa uli wonse. Ntchito imeneyi ndi ya anawo, ndipo imawaphunzitsa udongo. Neti ya udzudzu ikulungidwe n'kumangidwa m'mwamba kukacha, pakuti neti yolendewera masana imadula chipinda pakati. Koma dzuwa likalowa itsitsidwe tsiku lili lonse, chifukwa malungo sasamala za kukongola kwa nyumba. Kuseri kwa chitseko khomerani thabwa la misomali lopachikapo zikwama za kusukulu, zipewa ndi maambulera. Kumbukiraninso kuti khoma limakwera kupitirira mutu wanu, ndipo m'nyumba zambiri malo onse a pamwamba pa chitseko anangosiyidwira akangaude. Shelefu yaitali pamenepo imasenza masutikesi ndi mulu wachiwiri uja. Onetsetsani kuti yakhomedwa molimba, ndipo zolemera zisakhale pamwamba pa malo amene mwana amagona. Bedi mukhoza kulikweza pang'ono ndi njerwa zokhazikika bwino kuti kunsi kwake kulowe mabokosi otseka.

Kuwala

Chipinda chamdima chimaoneka chaching'ono chifukwa diso silifika m'ngodya. Khoma loyera limabweza pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a kuwala kumene kwagwerapo, pamene khoma la njerwa zosapaka kapena lakuda ndi mwaye limameza kochuluka. N'chifukwa chake zenera limodzi lomwelo limakhala ngati lakula mukangopaka njereza. M'chaka cha 2010 akatswiri a pa yunivesite ya Mainz ku Germany anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo, zosonyeza kuti anthu amaona ngati denga lakwera pamene siling'i ndi makoma zili zowala, koma mtundu wa pansi sunasinthe kanthu pa zimenezo. Choncho polishi wanu wofiira, kapena mtsiro wakuda umene mumazira nawo, zisiyeni monga zilili. Mphamvu zanu zipite kumakoma ndi kumwamba.

Njereza, imene ena amati laimu, ndi yotsika mtengo kuposa utoto wa m'zitini, ndipo imapangidwa konkuno, monga ku Balaka. Isungunuleni ikhale yamadzimadzi ngati mkaka, mupake kawiri kapena katatu mopyapyala, kudikira kuti iume musanabwereze. Ikadali yonyowa imaoneka yotuwa, koma musataye mtima, imayera ikauma. Imaotcha khungu ndi maso, motero valani majumbo m'manja ndipo ana akhale patali. Kumudzi kumene kumapezeka dothi loyera, amayi amadziwa kale kupaka nalo makoma. Lisangothera kunja kokha kumene odutsa amaona, lilowenso m'kati. Okhala m'nyumba za lendi ayambe apempha kwa eni nyumba, ndipo ndi ochepa amene angakane kuti nyumba yawo iyeretsedwe.

Amisiri omanga m'maiko ambiri amatsata lamulo lakuti zenera likhale losachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a pansi pa chipinda. Kwa chipinda chathu chija ndiye kuti zenera la pafupifupi mita imodzi mbali zonse. Inu amene mukuumba njerwa chaka chino, kambiranani ndi abambo za chimenechi maziko asanakumbidwe. Amene muli kale ndi zenera laling'ono, musalichepetsenso ndi nsalu yolemera kapena poimika kabati patsogolo pake. Waya wa katani ukhale wautali kupitirira zenera mbali zonse ziwiri, kuti nsalu ikakankhidwa ikhale pakhoma, galasi lonse lili poyera. Mukaupachika pafupi ndi denga, nsalu n'kutsika mpaka pansi, diso limakwera nayo ndipo khoma limaoneka lalitali. Masana kansalu koyera kopyapyala n'kokwanira kutchinga maso a odutsa.

Nanga chipinda chopanda zenera? Ngati denga ndi la malata ndipo nyumba ndi yanu, lata limodzi loonekera la pulasitiki pakati pa enawo limalowetsa kuwala tsiku lonse. Ilipo njira ina imene makanika wina wa ku Brazil, Alfredo Moser, anatulukira m'chaka cha 2002. Iye anadzaza madzi m'botolo loonekera la pulasitiki la malita 2, anathiramo jiki pang'ono kuti madziwo asamere ndere, nalisomeka pabowo la denga, mbali ina kunja mbali ina m'kati. Dzuwa likawomba botololo, madzi amamwaza kuwala m'chipinda monga babu lamagetsi. Njirayi imagwira ntchito masana okha, ndipo bowolo liyenera kumatidwa bwino ndi munthu wodziwa, kuopa kuti mvula ikadza mungadzalire.

Kalilole nayenso ndi bwenzi la nyumba yaing'ono. Sir John Soane, mmisiri wolemba mapulani a nyumba amene anamwalira m'chaka cha 1837, anadzaza kachipinda kake kodyeramo m'mawa ndi akalilole kuti kaoneke kotakasuka ndi kowala, ndipo mpaka lero anthu amapita kukaona nyumba yakeyo ku London. Ife kalilole mmodzi wamkulu atikwanira. Muikeni pakhoma loyang'anizana ndi zenera kapena cham'mbali mwake, kuti abweze kuwala pamodzi ndi mitengo ya panja, ndipo mumumangirire molimba kuti asagwere mwana. Dziwani kuti kalilole sasankha; akayang'ana mulu wa zovala, milu imakhala iwiri. Amene amaopa kuti kalilole amaitana mphenzi akhazike mtima pansi, pakuti galasi silikoka mphenzi. Usiku nyali yanu ya sola ikhale pafupi ndi khoma loyera, kuti khomalo lithandize kugawa kuwala m'chipinda chonse.

Diso lipumule

Makoma athu ambiri amalankhula onse nthawi imodzi. Pali kalendala wa chaka chino pambali pa wa zaka zitatu zapitazo, zithunzi za ukwati, masatifiketi a ana, maluwa a pulasitiki, ndi tinsalu toluka pa mpando uli wonse. Chili chonse pachokha n'chabwino, koma zikachuluka diso limangogundagunda, ndipo makoma amakhala ngati akuyandikira. Sonkhanitsani zithunzi pakhoma limodzi, moyandikana ndi molunjika, ndipo khoma lina mulisiye lopanda kanthu. Khoma loyang'anizana ndi khomo ndilo limene munthu amayamba kuliona, motero pakati pa khomo ndi khomalo pasakhale chotchinga. Zazitali monga kabati ziime kumbali ya chitseko kumene diso silifikako msanga. M'kabati ya magalasi musaonetse mbale zonse zimene munalandira pa ukwati. Zochepa zosanjika bwino zimaoneka zamtengo wapatali kuposa mulu.

Zitenje zathu n'zokongola, koma zitenje zinayi zosiyana m'chipinda chimodzi zimalimbana. Sankhani chimodzi chimene mumachikonda, chikhale cha patebulo kapena cha mapilo, ndipo makatani ndi nsalu ya pabedi zikhale za mtundu umodzi woyandikana ndi wa khoma. Amene mumakhala m'chipinda chimodzi ndi ana, nsalu yogawa chipinda ndi yofunika pa ulemu wa makolo, ndipo palibe angaichotse. Ikhale yoyera kapena yotuwa, yosaonekera, yopachika pa waya, kuti kukacha ikankhidwire kukhoma ndipo chipinda chibwerere mwakale.

Matumba ndi mpweya

Chiyambire pamene akuba anazolowera kuthyola nkhokwe, chimanga chinalowa m'nyumba, ndipo palibe angakudzudzuleni pa chimenechi. Koma matumba asamwazike chipinda chili chonse. Asanjikeni m'ngodya imodzi, pamwamba pa mitengo kuti asakhudze pansi, ndipo musiye mpata wa chikhatho pakati pa matumbawo ndi khoma kuti chinyezi chisalowe ndiponso muone pamene makoswe ayamba. Chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe pamodzi ndi feteleza zisakhale m'chipinda chogona. Matumba otchedwa PICS, amene salowa mpweya, amasunga chimanga chouma bwino popanda mankhwala, ndipo ndi abwino kwa amene alibe malo ena osungira.

Nkhani ya kutakasuka imakhudzanso moyo. Chifuwa chachikulu chimafala ndi mpweya, ndipo chimafala msanga m'chipinda chothinana chotseka mazenera. Tsegulani mazenera ndi chitseko m'mawa uli wonse, ndipo mabowo a mpweya a pamwamba pa khoma musawatseke ndi nsanza. Chachikulu koposa ndi ichi: m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kaya kuzizire chotani, musagone ndi mbaula yoyaka m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo, ndipo chipinda chaching'ono chimadzaza msanga. Mbaula malo ake ndi panja kapena kukhitchini kopita mphepo.

Musaiwalenso khonde, pakuti ndi chipinda china chimene ambiri sitichiwerengera. Khonde losesedwa, lokhala ndi thandala la mbale, ndowa zosanjika ndi malo a nsapato, limachotsera nyumba katundu wambiri masana, ndipo madzulo mumangolowetsa zimene akuba angazikhumbe.

Musayese kuchita zonsezi tsiku limodzi, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Loweruka likudzali imani pakhomo pa chipinda chimodzi ngati kuti ndinu mlendo, muone chinthu choyamba chimene chatchinga diso lanu, ndipo muchisunthe. Chotsani pansi zinthu zisanu, mutsuke galasi la zenera, mukankhire katani kukhoma. Mwezi ukatha gulani njereza. Mpando watsopano uyambe wadikira mpaka mutaona malo amene atsala.